Wotchi ikalemba 0.40 km, mwathamanga mamita angati?

Munthu wazungulira kakhumi bwalo la mamita 400, ndipo nthawi iliyonse akafika pamzere akudina batani la wotchi yake. Potsegula pulogalamu ya pafoni akupeza zigawo khumi: zisanu zalembedwa 0.40 km, zinayi 0.41, chimodzi 0.39. Akawonkhetsa yekha akupeza 4.03, koma pamwamba pulogalamu yalemba 4.06. Malinga ndi bwalolo, mtunda wonse ndi makilomita 4 ndendende. Mnzake amene ankathamanga pambali pake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wotchi yake ikuti 3.98.

Kusiyana kumeneku kumachokera ku magwero awiri, ndipo anthu ambiri amawasakaniza. Gwero loyamba ndi kayezedwe: wotchi imaphonya poyeza mtunda. Lachiwiri ndi kalembedwe: nambala imene wotchi yapeza imafupikitsidwa isanaonetsedwe kwa inu, nthawi zina kangapo, m'njira zosiyanasiyana. Vuto loyamba silingatheretu, chifukwa ndi mmene zipangizozi zilili. Lachiwiri n'lopeweka, ndipo ndilo limandikhudza kwambiri, chifukwa limachititsa anthu kukayikira thupi lawo kapena kusintha maphunziro awo othamanga potengera nambala imene inawonongekera panjira.

Mmene wotchi imapezera mtunda

Wotchi ya GPS siyeza mtunda mwachindunji. Imangofufuza pamene ili, kawirikawiri kamodzi pa sekondi, n'kuika kadontho. Kenako imalumikiza timadonthoto ndi timizere towongoka, ndipo mtunda umene mumaona ndi kutalika kwa timizere tonseto tikaphatikizidwa.

Malowo imawapeza pomvera masetilaiti amene ali makilomita pafupifupi 20,200 m'mwamba, iliyonse ikuzungulira dziko kawiri pa tsiku. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi ya atomu, ndipo imaulutsa mosalekeza uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Wotchi ya padzanja imaona kuti uthengawo wachedwa bwanji panjira, n'kuwerengera kutalikirana kwake ndi setilaitiyo. Pamafunika masetilaiti osachepera anayi. Uthengawu umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho kuphonya nthawi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi n'chimodzimodzi kuphonya malo ndi mamita 300. Ukaganizira zimenezi, n'zodabwitsa ndithu kuti kachipangizo kovala padzanja kamangophonya ndi mamita ochepa. Boma la America, lomwe ndi mwini wake wa GPS, limati foni wamba ikakhala pamalo opanda chotchinga imapeza malo ake mosapatuka kupitirira mamita pafupifupi 5. Kale sizinali choncho. Uthenga wa anthu wamba unkasokonezedwa dala, moti kuphonya ndi mamita 100 kunali kotheka, mpaka mu Meyi 2000 pamene pulezidenti wa dzikolo, Bill Clinton, analamula kuti kusokonezako kulekeke.

Tsono taonani chimene kuphonya kwa mita imodzi yokha kumachita. Mukuthamanga mamita 3 pa sekondi pamsewu wowongoka. Kadontho koyamba kagwera pamzere wanu weniweni, kachiwiri kapatuka mita imodzi kumanja. Kamzere kolumikiza tiwiriti sikakhala mamita 3 ayi, kakhala 3.16. Kadontho kachitatu kakapatukira kumanzere, nakonso kawonjezera. Kuphonyera kutsogolo ndi kumbuyo kumabwezerana: pamene wotchi yakuberani pano, ikubwezerani pa sekondi yotsatira. Koma kuphonyera m'mbali sikubwezerana, chifukwa njira yokhotakhota nthawi zonse imatalika kuposa yowongoka, kaya yakhotera mbali iti. Peter Ranacher ndi anzake a ku Salzburg anasonyeza zimenezi ndi masamu m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016: mtunda wa pakati pa timadontho ta GPS umakonda kutuluka wotalikirapo kuposa mtunda weniweni wa pakati pa malo amenewo.

Mwamwayi, timadontho totsatizana timakonda kupatukira mbali imodzi, ndipo opanga mawotchi amasalaza mzerewo asanawerengere mtunda. Koma kusalazako kuli ndi mtengo wake, chifukwa mzere wosalazidwa kwambiri umadula makona. Chimodzimodzinso wotchi ikamasunga timadontho patalipatali pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo. Pokhota pa bwalo la mamita 400, munthu wothamanga mamita 4 pa sekondi sataya kanthu ngati kadontho kakuikidwa sekondi iliyonse. Kakamaikidwa pa masekondi 5 aliwonse, amataya pafupifupi mamita 3 pa ulendo umodzi wozungulira. Pa masekondi 10, amataya pafupifupi 10. Ndiye pali mphamvu ziwiri zokokerana, ina yotalikitsa ina yofupikitsa, ndipo imene ipambane zimadalira malo, liwiro lanu ndi mtundu wa wotchi. N'chifukwa chake anthu awiri othamangira limodzi amatha wina ali ndi 4.06 wina 3.98.

Malo oipitsitsa ndi pakati pa nyumba zitalizitali, m'nkhalango yowirira ndi m'munsi mwa matanthwe. Uthenga umayamba wagunda khoma n'kunjanja usanafike padzanja, motero umayenda njira yaitali ndipo wotchi imaganiza kuti muli tsidya lina la msewu. Othamanga marathon ya ku Chicago amalidziwa bwino vutoli m'makilomita oyambirira. Mawotchi atsopano amamveranso masetilaiti a GLONASS a Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a China, ndipo ena amamvera mafunde awiri nthawi imodzi, L1 ndi L5. Izi zachepetsa vutoli kwambiri, koma sizinalithetse. Za mapiri musadandaule nazo kwenikweni: chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse chimangotalikitsa mtunda ndi theka la peresenti.

Pamene chigawo chimathera

Chigawo chimene mawotchi amachitcha lap chimatsekedwa m'njira ziwiri: wotchi imatseka yokha mtunda ukakwana, kapena inu mumadina batani.

Wotchi yoikidwa kuti izilira pa kilomita iliyonse imadziwa kuti kilomita yakwana ikalandira kadontho katsopano. Pa sekondi ina mtunda uli pa mamita 998.1, pa yotsatira uli pa 1,001.9. Kilomita yakwanira pakati pa masekondi awiriwo, pamene panalibe kadontho. Apa wolemba pulogalamu ayenera kusankha. Angatseke chigawocho pa 1,001.9 n'kulemba momwemo. Angawerengere kuti 1,000 inakwana theka la sekondi m'mbuyomo, n'kulemba 1,000.00, mamita 1.9 otsalawo n'kuwapereka ku chigawo chotsatira. Njira ziwirizi n'zachilungamo. Yoipa ndi yolemba 1,000 koma nthawi n'kusiya ya pa 1,001.9, chifukwa pamenepo mtunda ndi nthawi sizikunenanso za ulendo umodzi. Mapulogalamu ambiri a pafoni amagawanso okha makilomita kuchokera pa timadontho, osatsata zigawo za wotchi, ndiye musadabwe kuona kilomita yachitatu ili 4:52 pa wotchi koma 4:53 pafoni.

Kudina batani kuli ndi zakezake. Munthu wothamanga mamita 5 pa sekondi akachedwa kudina ndi kotala ya sekondi, chigawocho chatalika kale ndi mita imodzi ndi kanthu. Komanso popeza wotchi imasalaza, imatsalira pang'ono m'mbuyo mukanyamuka mwadzidzidzi, ndipo mamita ena a chigawo chothamanga amakagwera m'chigawo chopumira. Mukaima chilili popuma, timadontho timayendayenda tokha, ndipo mawotchi ena amawerengera kuyendayendako ngati mtunda.

Zimene zili m'fayilo

Nambala ya pagalasi la wotchi si imene yasungidwa. Mawotchi ambiri amasunga m'fayilo ya mtundu wa FIT, umene mwini wake ndi Garmin koma makampani enanso amaugwiritsa ntchito. M'fayilo imeneyi mtunda umasungidwa m'masentimita, ngati nambala yathunthu yopanda pointi: 40412 ndiye mamita 404.12. Nthawi ya chigawo imasungidwa m'magawo 1,000 a sekondi, ndipo malo amasungidwa mosiyanitsa mpaka kosakwana sentimita imodzi.

Munthu akaona 404.12 amaganiza kuti wotchi ikudziwa mtundawo mpaka pa sentimita. Sikudziwa. Manambala ambiri pambuyo pa pointi amangosonyeza kukula kwa malo osungiramo, osati kulondola kwa muyeso. Zili ngati kuyeza munda ndi mapazi kenako n'kulemba yankho m'mamilimita. Komabe kusunga manambala onsewo n'kwanzeru, ndipo chifukwa chake chioneka posachedwapa: nambala yosafupikitsidwa imalola kuti masamu onse otsatira achitike popanda kuwonjezera cholakwa china pamwamba pa cha GPS.

Fayilo ya mtundu wina, TCX, nayo imasunga zigawo, chilichonse ndi mamita ake ndi masekondi ake. Mtundu wachitatu, GPX, ndi wosiyana. Pachiyambi chake inapangidwira mapu ndi njira, ndiye imasunga timadontho ndi nthawi yake basi, ilibe malo olembapo mtunda kapena zigawo. Pulogalamu iliyonse imene yatsegula GPX imawerengera yokha mtunda. Ina imatenga dziko ngati mpira wobulungira bwinobwino, ina imalitenga mmene lilili, lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kummwera, ndipo njira ziwirizi zingasiyane mpaka pafupifupi theka la peresenti. Ina imasalaza, ina ayi. Ndipo ngati malo analembedwa ndi manambala asanu okha pambuyo pa pointi, kadontho kalikonse kakankhidwira pa timabokosi ta mita imodzi ndi pang'ono, zimene zimabweretsanso kukhotakhota kuja. Choncho mukasamutsa ulendo umodzi kuchoka papulogalamu ina kupita pa ina kudzera mu GPX, zigawo zanu zimasowa, ndipo mtunda umene mukuona watuluka m'masamu atsopano.

Kuyandikitsa ndi kudula

Galasi la wotchi ndi laling'ono, ndipo palibe amene amafuna kuwerenga 0.40412 akuthamanga. Ndiye nambala imafupikitsidwa, kawirikawiri kutsala manambala awiri pambuyo pa pointi. M'makilomita, zimenezi zikutanthauza kuti nambala imadumpha mamita 10 nthawi imodzi.

Njira zofupikitsira zilipo ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kuyandikitsa: nambala imapita kumene yayandikira, 0.404 ikhala 0.40, 0.406 ikhala 0.41. Yachiwiri ndi kudula: manambala akumapeto amangotayidwa, 0.404 ndi 0.409 zonse zikhala 0.40. Choncho 0.40 yoyandikitsidwa ingakhale chilichonse kuyambira mamita 395 mpaka 405, pamene 0.40 yodulidwa ingakhale kuyambira 400 mpaka pafupifupi 410. Nambala yooneka chimodzimodzi, matanthauzo awiri, ndipo pagalasi palibe chokuuzani kuti njira yake ndi iti.

Apa ndi pamene pamachokera dandaulo lotchuka la ogwiritsa ntchito Strava, pulogalamu imene othamanga amasungiramo maulendo awo. Wotchi yalemba 10.00 km, munthu waimitsa mokondwa, koma ulendowo ukafika pa Strava ukuoneka 9.99. Palibe mita imene yabedwa. M'fayilo munali, mwachitsanzo, mamita 9,996. Wotchi inayandikitsa, Strava inadula. Pa mtunda wonse wa ulendo, ine kudula sindikuona ngati kulakwa, chifukwa sikuuza munthu kuti wakwanitsa makilomita 10 asanakwanitse. Malamulo a World Athletics, bungwe loyang'anira mipikisano yothamanga ndi kudumpha padziko lonse, nawonso safupikitsa mokomera wopikisana. Wodumpha mamita 7.999 amamulembera 7.99. Wothamanga masekondi 10.001 amamulembera 10.01. Pa mpikisano wa pamsewu, 2:09:44.3 imakwezedwa kukhala 2:09:45. Cholinga n'chakuti mbiri isanene zoposa zimene munthu anachitadi. Kusiyana kwake n'kwakuti zipangizo za pampikisano zimayezadi mpaka pamlingo umenewo, pamene wotchi yophonya ndi 1 peresenti yasochera kale ndi mamita 100 pa makilomita 10. Mamita 4 amene akuchititsa mkanganowo ndi kachigawo kakang'ono ka zimene wotchiyo sikuzidziwa.

Ngozi yeniyeni imabwera nambala yofupikitsidwa ikatengedwa kukachitira masamu ena. Mpikisano wa mamita 10,000 pabwalo ndi maulendo 25 ozungulira. Ngati chigawo chilichonse chadulidwa, chimataya pakati pa 0 ndi mamita 10, tinene kuti 5 pa chilichonse. Mukawonkhetsa zigawo zodulidwazo, mamita pafupifupi 125 asowa, ndipo kwa munthu wothamanga kilomita pa mphindi 4 amenewo ndi masekondi 30. Kudula kumalakwira mbali imodzi nthawi zonse, ndiye zolakwazo zimangounjikana. Chitsanzo chodziwika kwambiri cha vutoli chinachitika kutali ndi masewera, pamsika wa masheya wa ku Vancouver, m'dziko la Canada. Nambala yosonyeza mmene msikawo ukuyendera inayamba pa 1,000 mu 1982. Inkawerengedwanso maulendo masauzande pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse inkadulidwa kutsala manambala atatu pambuyo pa pointi, yodulidwayo n'kukhala poyambira masamu otsatira. Pofika Novembala 1983 inali itatsikira pa 524.811. Ataiwerengera bwino anapeza kuti inayenera kukhala 1,098.892. Theka lathunthu linatha ndi kudula timanambala tosaoneka n'komwe.

Kuyandikitsa n'kwabwinoko chifukwa zokwera ndi zotsika zimakonda kubwezerana, koma si nthawi zonse. Wotchi imene imapeza mamita 404 pa ulendo uliwonse wozungulira idzalemba 0.40 maulendo onse 25. Owonkhetsedwa ndi 10.00, koma mtunda wonse m'fayilo ndi 10.10. Manambala onse awiri afupikitsidwa molondola, ndipo sagwirizana. Pulogalamu yolembedwa bwino imawonkhetsa masentimita a m'fayilo kenako n'kufupikitsa yankho lomaliza lokha, ngakhale zikuchititsa kuti zigawo za pagalasi zisamakwane ndi chiwonkhetso. Kusakwanako nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti pulogalamuyo yachita bwino.

Kufupikitsa kawiri kumabweretsa vuto lina. Tengani makilomita 0.4449. Mukayandikitsa kamodzi kutsala manambala awiri, ndi 0.44. Koma pulogalamu yoyamba ikayandikitsa kutsala atatu, 0.445, yachiwiri n'kuyandikitsanso, ikhala 0.45. Zoterezi zimachitika nthawi iliyonse imene ulendo wadutsa m'manja mwa mapulogalamu angapo, kapena munthu akakopera manambala a pagalasi kukaika mu Excel.

Ndi mamailo zinthu zimaipiraipira. Mailo imodzi ndi mamita 1,609.344, choncho 0.01 ya mailo ndi mamita 16, osati 10. Ulendo umodzi wa mamita 400 ndi mamailo 0.2485. Woyandikitsa alemba 0.25, imene mukaibweza m'mamita ndi 402. Wodula alemba 0.24, imene ndi mamita 386, kutaya mamita 14 pa chigawo chimodzi chokha. Ndipo maulendo anayi ozungulira bwalo si mailo. Amaperewera ndi mamita 9 ndi pang'ono.

Palinso khalidwe lina la kompyuta limene olemba mapulogalamu amalidziwa. Manambala okhala ndi pointi ambiri sasungika ndendende m'kati mwa makina, moti 0.1 kuphatikiza 0.2 kumatuluka 0.30000000000000004. Kachidutswa kotere kangagwerenso m'munsi. Zigawo zimene zimayenera kukwana makilomita 5 zingatuluke 4.999999999, ndipo pulogalamu yodula ilemba 4.99. Apa m'pamene pamaonekera ubwino wosunga masentimita ngati nambala yathunthu: manambala athunthu akawonkhetsedwa satsalira tizidutswa.

Chigawo chikafupika, cholakwa chimakula

Othamanga ambiri sayang'ana mtunda wa chigawo kwenikweni. Amayang'ana nthawi ya pa kilomita, ndipo imeneyo imatuluka pogawa nthawi ndi mtunda. Cholakwa chilichonse cha mtunda chimalowa mmenemo.

Mamita 400 pa masekondi 90 ndi 3:45 pa kilomita. Ngati chimene muli nacho ndi 0.40 yoyandikitsidwa, nthawi yeniyeni ya pa kilomita ili penapake pakati pa 3:42 ndi 3:48. Wotchi ikapeza mamita 412 pa ulendo womwewo, ikuuzani 3:38, masekondi 7 amene simunawathamange. Pa mamita 200 zimafika poipa. Masekondi 40 ndi 3:20 pa kilomita, koma 0.20 ingakhale 195 kapena 205, ndipo 40 yolembedwa popanda pointi ingakhale 39.5 kapena 40.5. Mukaphatikiza zonsezi, yankho lili pakati pa 3:13 ndi 3:28. Munthu amene akuyerekeza maphunziro a sabata ino ndi a sabata yatha pogwiritsa ntchito manambala amenewa akhoza kusangalala kapena kukhumudwa ndi kusintha kumene sikunachitike m'miyendo mwake. Pamene pa chigawo cha makilomita 5, mamita 5 omwewo ndi gawo limodzi mwa 1,000, ndipo palibe amene angawazindikire.

Cholakwa china chofala ndi kutenga avereji ya nthawi za pa kilomita ngati kuti zigawo zonse n'zofanana. Mwathamanga kilomita imodzi pa 4:00, kenako mamita 200 opumira pa 7:00 pa kilomita. Kuphatikiza ziwirizo n'kugawa pakati kumapereka 5:30. Koma nthawi yonse ndi masekondi 324, mtunda wonse ndi makilomita 1.2, ndipo yankho loona ndi 4:30. Mphindi yathunthu yasiyana.

Kumene GPS sigwira ntchito, zolakwa zimakhala za mtundu wina. M'dziwe losambiramo wotchi imawerenga kuti mwatembenuka kangati n'kuchulukitsa ndi kutalika kumene munaiuza, ndiye ikaphonya imaphonya ndi mamita 25 kapena 50 athunthu, ndipo mukaiuza mamita 25 pamene dziwelo ndi la mayadi 25, omwe ndi mamita 22.86, chigawo chilichonse chatalika ndi 9 peresenti. Pa treadmill, makina othamangirapo uli pamalo amodzi, wotchi imangoyerekeza kuchokera pa kugwedezeka kwa dzanja. Panjinga yokhala ndi kachipangizo ka pagudumu, zonse zimadalira kukula kwa gudumu kumene munalemba: kuphonya ndi mamilimita 10 pa gudumu la mamilimita pafupifupi 2,100 ndi mamita 5 pa kilomita iliyonse.

Bwalo ndi msewu woyezedwa

Nthawi zina wotchi imalondola, wolakwa n'kukhala amene akuganiza kuti wathamanga mamita 400. Bwalo lovomerezeka lili ndi mbali ziwiri zowongoka za mamita 84.39 iliyonse ndi makona awiri, ndipo mamita 400 aja amayezedwa m'kanjira koyamba, masentimita 30 kuchokera m'mphepete mwa m'kati. Kanjira kalikonse ndi kotambalala mamita 1.22. Ulendo umodzi m'kanjira kachiwiri ndi mamita 407.04, ndipo m'kachisanu ndi chitatu ndi 453.03. Mita iliyonse imene mwasunthira kunja imawonjezera mamita 6.28 pa ulendo wozungulira. Ngakhale dzanja limene mwavalapo wotchi lili ndi mbali yake: pozungulira molowera kumanzere, dzanja lamanja lili kunja, ndipo likatalikirana ndi lamanzere ndi theka la mita, ndiye kuti limayenda mamita 3 owonjezera. Choncho amene amathamangira m'kanjira kachiwiri podutsa anzake, 0.41 yake ingakhale yoona. Coros, Garmin ndi Apple anaika m'mawotchi awo njira yapadera ya pabwalo, imene imafunsa kanjira kamene muli n'kukokera timadontho pa kanjirako. Imathandiza kwambiri, bola musasinthe kanjira osaiuza.

Mipikisano ya pamsewu yovomerezeka siyezedwa ndi GPS. Imayezedwa ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumu, kotchedwa Jones counter potengera Alan Jones amene anakapanga mu 1971. Woyeza amayamba wayesa njingayo pa mtunda wowongoka umene unayezedwa ndi tepi yachitsulo, amayeza msewu wa mpikisano, kenako amabwerera kukayesanso njingayo, chifukwa tayala limasintha ndi kutentha. Amatsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse, kudula kona iliyonse masentimita 30 kuchokera m'mphepete. Pamwamba pa zonsezi amawonjezera dala mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti msewuwo usapezeke woperewera, ndiye pa marathon ya makilomita 42.195 pamawonjezeka mamita pafupifupi 42.

Palibe wothamanga wamba amene amadutsa njira yaifupiyo yonse. Amazemba anzake, amapatukira ku tebulo la madzi, amakhota motakasuka. Mukaphatikiza ndi kukhotakhota kwa GPS, si zachilendo wotchi kulemba 42.5 kapena 42.7 pomaliza, ndipo zimenezi si umboni wakuti msewuwo unali wautali mopitirira muyezo. Koma zili ndi zotsatira zenizeni kwa amene akudalira kulira kwa wotchi. Wotchi yowonjezera 1 peresenti imalira mamita 10 chikwangwani cha kilomita yoyamba chisanafike, mamita 200 chisanafike cha 20, ndipo mamita 400 chisanafike cha 40. Kuti munthu amalize marathon m'maola 4 amafunika 5:41 pa kilomita ya pamsewu. Akasunga 5:41 ya pa wotchi imene idzathere pa 42.6, adzafika pamzere maola 4 atadutsa ndi mphindi ziwiri ndi masekondi angapo, chonsecho chigawo chilichonse chinkamuuza kuti ali bwino. Pa wotchi imeneyo anafunika kuona 5:38.

N'chifukwa chake othamanga ozolowera amazimitsa kulira kwa kilomita iliyonse pa tsiku la mpikisano, n'kumadina okha batani pa zikwangwani, kapena pa makilomita 5 aliwonse pamene zikwangwanizo zimakhala zodalirika kwambiri. Pabwalo amachitanso chimodzimodzi: mtunda amatenga wa bwalolo malinga ndi kanjira kawo, kwa wotchi amangotengako nthawi, imene imayeza molondola kuposa mmene chala chingadinire. Ndipo amene akufuna kuchita masamu ake pa kompyuta atenge fayilo ya FIT yochokera m'wotchi mwenimweni, osati GPX kapena manambala a pagalasi, awonkhetse masentimita ndi nthawi mmene zilili, agawe chiwonkhetso cha nthawi ndi chiwonkhetso cha mtunda, ndipo afupikitse kamodzi kokha, polemba yankho.